Mtsinje wa Mwana Lesa

Chaka chimene ndidalephera mayeso a kalasi ndidali ndi zaka 14, ndipo funso lake ndikulikumbukira mpaka lero. Kwa inu amene simudakulire m'mipingo ya kalasi, ndifotokozeko pang'ono. Kwathu munthu sankangodzuka m'mawa n'kupita kukabatizidwa ayi. Unkayamba wakhala pa benchi sabata ndi sabata, kuloweza mafunso ndi mayankho a m'katekisma kwa zaka ziwiri kapena kuposerapo, kenaka akuluampingo n'kumakuitanani mmodzimmodzi m'kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi. Ine adandifunsa kuti ubatizo n'chiyani. Zoloweza zonse zija zidathawa m'mutu, ndiye ndidangonena zimene ndinkamva kwa anzanga kubusa: kuti ndi madzi oteteza munthu kwa afiti, ndipo mfiti ikawakhudza imaululika. Mkulu wina wa imvi mbuu adavula mandala ake, adandiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Mwana wanga, udzabwerenso chaka chamawa."

Ndidafika kunyumba misozi ili mbwembwembwe. Agogo aamuna, amene adatchona zaka zambiri pa mgodi wa Broken Hill, kumene lero timati Kabwe m'dziko la Zambia, adali pakhonde akusema mpini. Nditawadandaulira kuti akuluampingo ndi ouma mtima, sadandipepese n'komwe. Adati: "Iwe ukulirira chaka chimodzi? Kwa Alala uko kudali munthu wina wa konkuno kwathu, ankamutcha Mwana Lesa. Ameneyo ankabatiza tsiku lomwelo, wopanda benchi, wopanda funso. Yankho lakolo ndi limene ankaphunzitsa iyeyo. Ukafunse kuti amene adalowa mumtsinje wake adatuluka angati." Adangonena zomwezo basi, n'kupitiriza kusema mpini wawo.

Nthawi imeneyo ndinkayesa ndi nthano zoopsezera ana. Ndidadzadziwa nditakula, nditawerenga zimene adalemba akatswiri a mbiri monga Terence Ranger ndi Karen Fields, kuti munthuyo adalikodi, kuti dzina lake lenileni adali Tomo Nyirenda, ndi kuti adanyongedwa mu 1926. Ndaganiza zoikumba nkhaniyi chifukwa cha mawu amene ndimawamva kawirikawiri m'tauni muno. Pamsika, m'minibasi, pa wailesi, m'makalasi a sukulu Lamulungu, paliponse pali mlaliki, ndipo munthu ukafunsa kuti kodi abusa awowa akuphunzitsa chiyani kwenikweni, anzako amakuyankha kuti, "Aaa, zisiyeni izo achimwene, bola akutchula dzina la Yesu." Nyirenda nayenso ankalitchula dzinalo. Ankanyamulanso Baibulo.

Nkhaniyi siyambira kwa Alala, iyambira kunyanja kwathu konkuno. Amishoni a Livingstonia, ochokera ku Scotland, adafika ku Cape Maclear mu 1875, adasamukira ku Bandawe mu 1881, ndipo mu 1894 Dr Robert Laws adatsegula sukulu yaikulu pa phiri la Khondowe. Atonga adaikonda sukulu modabwitsa, ndipo pofika zaka za m'ma 1900 anthu zikwizikwi ankafuna kulowa mumpingo. Koma khomo lake amishoni adalichepetsa dala. Munthu ankayamba ndi kalasi ya omvera, kenaka kalasi ya okonzekera ubatizo, ndipo poti oyesa anthu adali Azungu owerengeka, ambiri ankadikira zaka ndi zaka, ena mpaka kumwalira ali pamzere. Cholinga chake sichidali choipa. Amishoniwo ankaopa kudzaza tchalitchi ndi Akhristu a dzina lokha. Koma munthu wa ludzu ukamuimika padzuwa nthawi yaitali, amayamba kuyang'ana ngati kulibe chitsime china.

Chitsime chinacho chidabwera ndi Elliot Kenan Kamwana, Mtonga amene adaphunzirapo ku Livingstonia komweko koma n'kuchokako mu 1901. Atapita ku South Africa adakumana ndi Joseph Booth, yemwe uja adatenga John Chilembwe kupita naye ku America mu 1897. Pa nthawiyi Booth adali atakopeka ndi mabuku a Charles Taze Russell wa ku Pennsylvania, mwini gulu la Watch Tower, dzina limene makolo athu adalipinda lilime n'kukhala Chitawala. Kamwana adabwerera kwawo chakumapeto kwa 1908 ndi uthenga wotentha: mu Okutobala 1914 maufumu a dziko lino atha, ufumu wa Khristu uyamba, msonkho sudzakhalakonso, ndipo ubatizo ndi waulere, lero lomwe, m'nyanjamo. M'miyezi yochepa chabe adabatiza anthu oposa 9,000. Amishoni adanjenjemera, Boma la atsamunda lidanjenjemera koposa, ndipo mu 1909 lidamugwira n'kumuchotsa m'dziko muno. Zaka zambiri zotsatira adakhala kunja, ku Seychelles ndi kwina, ndipo adaloledwa kubwerera kwawo mu 1937.

Ndisamunamizire Kamwana. Iye sadaphe munthu, ndipo madandaulo ake pa za msonkho ndi kunyozedwa kwa anthu akuda adali oona. Ngakhale pa za ubatizo wamsanga adali ndi pogwira, paja m'buku la Machitidwe a Atumwi nduna ija ya ku Itiyopiya idabatizidwa panjira, tsiku lomwelo. Koma adasiya m'mitu ya anthu zinthu ziwiri zimene zidadzabala zipatso zowawa m'manja mwa ena. China n'chakuti tsiku la chimaliziro lingathe kuwerengedwa pa kalendala, chinthu chimene Yesu mwini adanena poyera kuti sichidapatsidwe kwa munthu. Chinzake n'chakuti madzi paokha ndiwo nkhani yonse, zophunzira n'zochedwetsa. Chaka cha 1914 chidafikadi, koma m'malo mwa ufumu kudabwera nkhondo ya Azungu, mfuti zidalira ku Karonga, ndipo anyamata athu adatha ndi mtengatenga. Msonkho udakhalapobe. Komabe uthengawo sudafe. Udakwera sitima pamodzi ndi matchona, makalaliki ndi makuku a ku Nyasaland, n'kukafika m'makomboni a migodi ya ku Rhodesia ndi ku Katanga.

Mmodzi mwa matchona amenewa adali Tomo Nyirenda, Mhenga wa kumpoto kwa dziko lino, amene adakhalako zaka zingapo pa sukulu za Livingstonia. Sadali mbuli ayi, ndipo mfundo imeneyi tisaiphonye: ankadziwa kuwerenga, ankadziwa nyimbo ndi mavesi, ankadziwa kaimidwe ka mlaliki. Adagwirako ntchito m'dera la Broken Hill, tauni ya mgodi wa mtovu imene njanji idafikako mu 1906, ndipo chakumayambiriro kwa 1925 adabatizidwa m'Chitawala ndi mnzake wa ku Nyasaland. Chaka chimenechi sichidali chaka wamba. Likulu la Watch Tower ku America, pansi pa Joseph Rutherford amene adalowa m'malo mwa Russell, lidali litalengeza kuti mu 1925 Abrahamu, Isake ndi Yakobo adzauka kwa akufa. Uthengawu pofika m'makomboni udali utavala zovala zina: ati kukubwera Aamerika odzathamangitsa atsamunda, ati katundu adzagawidwa kwa obatizidwa, ati amene sadalowe m'madzi adzatsala. Nyirenda sadakhale pansi pa mphunzitsi aliyense kuti azame. Atangobatizidwa adanyamuka kukabatiza anzake pakati pa Alala a m'boma la Mkushi. Boma lidamutsekerako kanthawi pa mlandu wa mapepala, poti adali mlendo m'dzikomo, koma kutsekeredwako kudangomuwonjezera mbiri.

Tsono tiyeni tione anthu amene adawapeza. Alala ndi alimi a m'nkhalango, ndipo malire a atsamunda adawadula pakati, ena ku Northern Rhodesia, ena ku Congo ya Abelijiyamu. Amuna ambiri adali atapita kumigodi kukasaka ndalama ya msonkho. Chimfine chachikulu cha 1918 chidali chitadutsa n'kusiya manda atsopano mudzi uliwonse. Masukulu ndi mamishoni adali patalipatali, moti owerenga Baibulo paokha adali ochepa zedi. Ndipo pamwamba pa zonsezi padali mantha a ufiti. Kale munthu akaganiziridwa ufiti ankamwetsedwa mwavi pabwalo la mfumu. Akasanza ndiye kuti ndi wosalakwa, akafa ndiye kuti mlandu watha. Mwavi udapha anthu osalakwa osawerengeka, ndipo atsamunda adachita bwino kuuletsa (kuno kwathu lamulo lake ndi la 1911). Koma adaletsa mwavi osachotsa mantha. Malamulo atsopanowo ankalanga woloza mfiti, ndiye m'maso mwa anthu akumudzi Boma lidasanduka mtetezi wa afiti. Khoswe adali atakhala pamkhate. Mafumu adatsala manja lende, anthu akufa, olira akufunsa kuti watidya ndani, popanda woyankha.

Apa ndi pamene Nyirenda adapotoza chinthu chimodzi chokha, chooneka chaching'ono. Adayamba kunena kuti iye akamamiza munthu amatha kuzindikira mfiti, chifukwa thupi la mfiti limakana kumira lonse. Tangoganizani nkhalamba imene sidalowepo m'madzi akuya chibadwire, yagwidwa pakhosi ndi mlendo, anthu mazana akuyang'ana pagombe. Ingaleke bwanji kuuma thupi, kutukula mutu, kuponda pansi ndi zala? Kuuma thupi komweko ndiye kudali umboni. Poyamba ankangowaloza n'kuwasiya. Koma mbiri yake idafika kwa mfumu ina ya Alala, Shaiwila, imene idali ndi adani ake ndi zifukwa zake, ndipo awiriwa atagwirizana zinthu zidasintha. Olozedwa aja adayamba kubwezedwa m'madzi n'kukanikizidwa mpaka mpweya kutha. Mlaliki adapeza mfumu yomuteteza, mfumu idapeza mwavi watsopano umene Boma silidauletse, poti pamaso pa aliyense udali ubatizo wa Chikhristu. Nyimbo zinkaimbidwa pagombe. Ndipo chimene chimandiwawa kwambiri pa nkhani yonseyi n'chakuti anthu ankabwera okha. Midzi yathunthu inkayenda mitunda italiitali, ana atagwira agogo awo padzanja, pokhulupirira kuti mudzi ukayeretsedwa imfa itha, ndiponso poopa kuti wokana kupita adziulula yekha kuti ndi mfiti.

M'chilankhulo cha kumeneko Lesa ndi Mulungu. Dzina loti Mwana Lesa tanthauzo lake ndi Mwana wa Mulungu, ndipo Nyirenda adalivomera. Mbali ya Rhodesia adapha anthu oposa khumi, kenaka adawolokera kwa Alala a ku Katanga, kumene m'masabata owerengeka adamiza anthu oposa 100. Abelijiyamu atamva adatumiza asilikali, iye n'kuthawira ku Rhodesia konkuja, ndipo kumeneko adagwidwa chaka cha 1925 chisanathe. Olemba mbiri amati omugwirawo adamumanga zingwe mothinitsa kwambiri mwakuti manja ake adawola ndipo adachita kudulidwa. Mlandu udazengedwa, ndipo mu 1926 iye ndi Shaiwila adanyongedwa ku Broken Hill. Kuchokera pa ubatizo wake kufika pa chingwe padangodutsa chaka chimodzi. Abrahamu sadabwere, Aamerika sadabwere.

Pano ndiyenera kunena chilungamo, chifukwa nkhaniyi idagwiritsidwapo ntchito poipitsa anthu osalakwa. Mabuku a Watch Tower sadaphunzitsepo zomiza afiti, ndipo akuluakulu a gululo, limene kuyambira 1931 limadziwika kuti Mboni za Yehova, adakana kuti Nyirenda ndi magulu ena a Chitawala odziimira paokha sadali awo. Zomizazo zidali zake. Adatola ubatizo womiza kwa Achitawala, mavesi ku Livingstonia, mantha kwa Alala, n'kuphika mphika wakewake.

Nanga chidapotoka n'chiyani? Akhristu timakangana zambiri pa ubatizo. Ena amawaza, ena amamiza. Ena amabatiza makanda, ena amati mpaka munthu akule. Mikangano imeneyi yatha zaka mazanamazana ndipo sindikuona kuti itha mawa. Koma Mkatolika, Mpresibeteriyani, Mwangilikani ndi Mbaputisti onse amagwirizana pa chinthu chimodzi: wolowa m'madzimo ndi wochimwa, ndipo madziwo ndi chizindikiro cha chikhululukiro chimene iye sadachigwirire ntchito. Ubatizo si mayeso oti wina akhoze wina alephere. Ngati alipo munthu woipitsitsa m'mudzi, madziwo adaikidwira iyeyo. M'buku la Machitidwe muli Simoni wa ku Samariya, wamatsenga wodziwika mzinda wonse. Filipo adamubatiza ndipo adatuluka wamoyo. Atalakwanso pofuna kugula mphamvu ya Mulungu ndi ndalama, Petro adamudzudzula kolimba n'kumuuza kuti alape. Ku Efeso amatsenga adatentha okha mabuku awo. Palibe adatentha amatsengawo. Nyirenda adatenga chizindikiro chokhululukira wochimwa n'kuchisandutsa chida chosakira mdani. Mtsinje udali womwewo, nyimbo zomwezo, mawu otchulidwa pomiza mwina omwewo. Chidasintha ndi tanthauzo lokha, ndipo tanthauzolo ndi limene lidasiyanitsa otuluka ndi otsala pansi pa madzi. N'chifukwa chake mkulu uja adavula mandala nditamuyankha. Ine ndinkaona ngati ndaphonya mawu awiri atatu. Iye adamva mwana wa m'mudzi mwake akulankhula chiphunzitso chimene chidaphapo anthu.

Ndiye pali dzina lija. Tili anyamata tinkatopa nacho Chikhulupiriro cha ku Nicaea, chimene mabishopu adagwirizana m'chaka cha 325 pofuna kuthetsa mkangano umene udabuka ku Alexandria, mu Africa momwemuno, pakati pa Arius ndi anzake a Athanasius. Tinkati kodi anthu akuluakulu kukangana zaka zonsezo pa funso loti Mwana ndi ndani, adasowa chochita? Koma taonani ntchito yake pagombe la mtsinje. Mayi wosapita kusukulu amene adaphunzitsidwa bwinobwino kuti Mwana wa Mulungu ndi mmodzi yekha, kuti adabwera kale, ndi kuti adafera adani ake m'malo mowapha, ali ndi poimira mlendo akafika n'kunena kuti ndine Mwana Lesa. Angathe kuopa, koma mumtima akudziwa kuti ili ndi bodza. Amene sadaphunzitsidwe alibe poimira. Munthu akangovomerezedwa kuti ndi Mwana wa Mulungu, kapena masiku ano tinene kuti ndi yekhayo amene Mulungu amalankhula naye, palibenso bwalo lokadandaulako. Mfumu ili pansi pake, Baibulo lili pansi pake, chikumbumtima chako chili pansi pake. Ukawonjezerapo zoti dziko litha chaka chomwechino, ndiye kuti ngakhale nthawi yofunsa palibe. Safunsa adadya phula, koma Alala aja sadaleke kufunsa chifukwa cha ulesi. Adalibe muyeso woyesera zimene ankamva, monga ankachitira a ku Bereya aja amene ankafufuza m'malembo ngakhale zonena za Paulo.

Amishoni nawo sangasambe m'manja. Chiphunzitso choona adali nacho, koma nthawi zambiri ankachisunga ngati mankhwala a m'kabati, kiyi ali m'thumba la Mzungu. Ndipo pa funso limene linkawasowetsa anthu tulo, funso la ufiti, yankho lawo lidali lakuti kulibe zimenezo, musatitayitse nthawi. Munthu amene waika ana atatu m'manda chaka chimodzi sungamuyankhe choncho. Chikhristu chili nalo yankho lake pa mantha amenewa: kuti palibe mphamvu yoposa ya Khristu, kuti kubwezera n'kwa Mulungu, kuti matenda ndi imfa sizifuna nthawi zonse munthu wozituma. Koma yankho limeneli limafuna mphunzitsi wokhala pansi pamaliro, wodziwa chilankhulo ndi mitima ya anthu. Kumene mphunzitsi woteroyo sadafike, kudafika Nyirenda.

Wina anena kuti izi n'zakale, za anthu osaphunzira. Mu Januwale 2016 ku Neno anthu anayi okalamba a banja limodzi adaphedwa ndi gulu la anthu powaganizira kuti ndiwo adatuma mphezi imene idapha mtsikana wina. Izi zidachitika m'dziko limene ambiri timadzitcha Akhristu, limene mudzi uliwonse uli ndi tchalitchi, mwinanso matchalitchi atatu. Ndipo ndani mwa ife a m'tauni sadamvepo za mneneri amene adauza mayi wosabereka kuti adakumangani ndi azakhali anu, kapena mnyamata wosowa ntchito kuti nyenyezi yako idatengedwa ndi agogo ako kumudzi? Mneneriyo samiza munthu, eetu. Amangoloza, ngati mmene Nyirenda ankachitira poyamba paja, zotsalazo amamalizitsa ndi achibale. Ku Kenya mu 2023 apolisi adafukula mitembo yoposa 400 m'nkhalango ya Shakahola, ya anthu a mpingo wina amene adauzidwa kuti asale kudya mpaka imfa kuti akakumane ndi Yesu. Kusala kudya ndi mwambo wa Chikhristu weniweni, monganso ubatizo. Akuba sabwera ndi katundu wachilendo, amagwiritsa ntchito makasu a m'nyumba momwemo pobowola khoma.

Mpaka pano nkhaniyi ikuoneka yosavuta: chiphunzitso chonama chimapha, ndiye tichithamangitse. Koma ife Amalawi tili ndi chipsera china chimene chiyenera kutichititsa mantha tisanatole chibonga. Mu 1967 boma la Dr Banda lidaletsa Mboni za Yehova, makamaka chifukwa chokana kugula khadi la chipani. Mu 1972 msonkhano waukulu wa chipani udagamula kuti anthuwa achotsedwe ntchito ndi kupirikitsidwa m'midzi. Nyumba zidatenthedwa, anthu adamenyedwa, amayi adagwiriridwa, ena adaphedwa, ndipo zikwizikwi adathawira ku Sinda Misale m'dziko la Zambia, kenaka ku Mozambique. Chiletsocho chidachotsedwa mu 1993. Ambiri a ife a m'mipingo ikuluikulu tidakhala chete zaka zonsezo, ndipo china chimene chidatitseka pakamwa, kuwonjezera pa mantha, chidali kamawu kakuti "ampatuko". Tinkati paja amakana Utatu Woyera, paja amaphunzitsa zolakwika. Ine mpaka lero sindigwirizana nawo pa ziphunzitso zimenezo, ndipo ndikhoza kutsutsana nawo kuyambira m'mawa mpaka nkhuku kulowa. Koma pamene tidavomera mumtima kuti wophunzitsa zolakwika ndi woyenera moto wa pa denga lake, tidali titalowa tokha m'chiphunzitso cha Mwana Lesa: kuti mudzi umayera pochotsa munthu.

Ndikunena "tidali" chifukwa ndidaliko. Mayeso a kalasi aja ndidakhoza chaka chotsatira, mu 1972. Funso lidali lomwe lija, ndipo ulendo uno ndidayankha mosadodoma za chikhululukiro ndi chisomo. Ndidabatizidwa, amayi adapha nkhuku. Patangopita miyezi yowerengeka, madzulo ena, anyamata a m'mudzi mwathu momwemo adapita kunyumba ya mayi wina wamasiye wa Mboni, amene ankakhala kutsidya kwa dambo ndi ana ake atatu. Ine ndidawatsatira. Sindidaponye muuni, koma sindidanenenso kanthu. Ndidaima pa chulu n'kumaonerera denga likugwa, ndipo ndikukumbukira bwino lomwe kuti mumtima ndinkati, adziputira okha, si ampatuko awa? Yankho lolondola lidali m'mutu mwanga, lolowezedwa bwino, la miyezi itatu yokha. Silidanditsitse pa chulu paja.

Amene adatsika ndi mkulu wa imvi uja. Mudzi wonse unkadziwa kuti iye ndi mayiyo adali adani pa za Baibulo. Ankakhala pansi pa mtengo wa mango Loweruka masana, aliyense buku lake pamwendo, kutsutsana za Utatu ndi za moto wa Gehena mpaka mawu kusasa, ndipo mkuluyo sadagonjepo ngakhale pa vesi limodzi. Ankatichenjeza ife a kalasi kuti timagazini ta mayiyo tisatiwerenge popanda wotithandiza. Koma usiku wa moto uja ndi iyeyo amene adatenga mayiyo ndi ana ake n'kuwabisa m'nkhokwe yake masiku awiri, kenaka n'kuwaperekeza usiku mpaka pa njira yolowera kumalire. Zikadadziwika, nyumba yake ikadapsanso. Agogo ndiwo adandinong'oneza zimenezi patapita zaka, mkuluyo atamwalira kale. Ndidawafunsa kuti nanga adachitiranji zimenezo kwa munthu amene ankamutcha wosokera. Agogo adati, "Ukufunsa chiyani? Si zomwe zija adakubwezera chaka chathunthu kuti ukaphunzire?"

Mayiyo adabwerako mu 1994, tsitsi litayera, ndi mwana mmodzi yekha mwa atatu aja. Pothawa adali atasiya mbuzi ziwiri m'khola la mkulu uja, ndipo ana a mkuluyo, potsata mawu amene bambo awo adasiya, adamutulutsira mbuzi zisanu ndi zinayi. Adamanganso pa bwinja lake lomwe lija kutsidya kwa dambo. Ndikapita kumudzi pa tchuthi ndinkamupeza akugulitsa tomato pamsewu, ndipo ndinkagula wambiri kuposa amene ndinkafuna. Ankandifunsa za ana, za ntchito, za mitengo ya zinthu m'tauni, kenaka n'kundipatsa kamagazini kake, ine n'kukana mwaulemu monga adatiphunzitsira. Adamwalira mu 2003. Zoti ndidali pa chulu paja tsiku lija, sindidamuuze, ndipo iye sadandifunse.